Diski ya Amuna Anga

Ndinabwera kunyanja kudzaphunzitsa, zokwatiwa sizinali m'mutu mwanga. Kwathu ndi ku Dedza, kozizira, ndipo atanditumiza pa sekondale yoyendera ina kufupi ndi Bandawe ndinadandaula njira yonse kuti kutentha ndi udzudzu zindimaliza chaka chisanathe. Chakacho chinatha ndili moyo. Chotsatira chinandipeza ndili pabanja ndi mphunzitsi wa masamu wa pasukulu pomwepo, Mtonga wa ku Usisya, munthu wovala jekete ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Ndikawanena za jeketeyo ankayankha kuti anthu a kumapiri timavala chifukwa cha chisanu, pomwe iwo amavala chifukwa cha ulemu.

Pasukulupo panali chipinda cha makompyuta chimene tinkachitcha labu. Pakona pake pankakhala bokosi lakuda lachitsulo, seva, kompyuta yaikulu yosunga mabuku, mapepala a mayeso akale ndi makanema a maphunziro. Ana ankakhala pa malaputopu otha n'kumawerenga zonsezo kuchokera mu sevayo, popanda intaneti. Mphamvu inkachokera ku sola ndi mabatire. Zinthuzi zinabwera ndi bungwe lina lothandiza masukulu, koma bungwe limasiya katundu n'kupita. Wosesa nyerere m'kati mwa bokosi, wotseka mawindo nkhungu za m'nyanja zikamabwera, wodziwa batire imene yayamba ulesi, anali amuna anga.

Chaka china mphenzi inamenya pafupi ndi sukulu ndipo diski ya mu sevayo, kachitsulo kosunga zonse, inafa. Amuna anga analembera bungwe lija, yankho osabwera. Atatopa anatumiza uthenga kwa achimwene awo aakulu amene ankagwira ntchito ku Joni, ndipo alamu angawo pobwera ku Khirisimasi ananyamula diski ina ataikulunga m'masokosi. Inali ya amuna anga enieni, yogula okha, ndipo ahedi ankadziwa zimenezo. Amuna angawo anaiika mu seva, anabwezeramo sisitemu, ndiyo pulogalamu yaikulu yoyendetsa makina onse, kenaka mabuku aja. Diski yakufa ija anaiponya m'kabati ya mu labu.

Sanalekere pomwepo. Kwa matemu angapo, ana akaweruka, ankatsala akulemba kapulogalamu kawokawo ka masamu. Kankafunsa funso, mwana n'kuyankha. Akalakwa, mawu a amuna anga ankamveka m'Chitonga akumufunsa ngati mutu wake wausiya m'bwato. Akakhoza, ankamveka akuseka, kenaka zikomo wa Chitonga, "Yewu!" Ana ena ankalakwa dala kuti anyozedwe. Ine ndinkakhala pambali ndikuchonga makope a jogirafe, n'kumawauza kuti akudzikonda, munthu wanji wofuna kumva mawu ake tsiku lonse. Koma maso anga ankaona zimene zala zawo zinkachita, ndipo pang'ono ndi pang'ono ndinayamba kudziwa zina.

Amuna anga anadwala nthawi yochepa. Thupi tinapita nalo ku Usisya pa boti, tinawaika kumanda a kwawo, ine n'kubwerera ku nyumba ya sukulu ndekha. Mwana Mulungu sanatipatse. Kiyi wa labu anagwera kwa ine chifukwa panalibe wina wodziwa kumene mawaya amapita. Choncho m'mawa uliwonse ndinkayatsa seva, ana a fomu folo n'kulowa, ndipo pasanapite nthawi chipinda chonse chinkadzaza ndi amuna anga akuseka uku, akunyoza uko. Masiku oyamba ndinkatuluka kukaima panja. Kenaka ndinazolowera, ndipo kunena zoona ndicho chinkandidzutsa pa mphasa. Nyumba inali zii, koma ku labu ndinkawapeza.

Itatha miyezi ingapo bungwe lija linatikumbukira. Linatumiza katoni yokhala ndi diski yatsopano, fulashi yokhala ndi sisitemu ya mtundu watsopano, ndi mabuku ogwirizana ndi silabasi imene inasintha. Malangizo ake anali osavuta: chotsani zakale, ikani zatsopano. Mabuku atsopanowo ana ankawafunadi, ndipo sankatseguka pa sisitemu yakale. Ndinayesa kapulogalamu ka amuna anga pa laputopu imene ndinaikamo sisitemu yatsopanoyo, kanakana. Ndinayesanso, kanakananso. Kanalembedwa m'njira imene sisitemu yatsopano inasiya kuimva, ndipo woti akakonze ndi amene anali kumanda. Mawu okha ndinatha kuwakopera, kuseka kuja ndi kunyoza kuja, koma mawu opanda mafunso ake anali ngati mbale yopanda ndiwo.

Ndinauza ahedi kuti sindifufuta chilichonse. M'bokosimo munali malo a madiski awiri. Yatsopano ikhala ndi sisitemu yatsopano, yakale itsala ndi yake, ndipo poyatsa makina munthu azisankha yoti idzuke. Ziwiri sizingagwire ntchito nthawi imodzi, ina ikadzuka ina imagona. Ahedi anangoti bola ana awerenge. Amene anandiseka ndi mnzanga wapamtima, mphunzitsi wa Chingerezi wochokera ku Mulanje, amene amuna ake ankagwira ntchito ku esiteti ya labala.

"Asisi, mapanga awiri avumbwitsa," anatero. "Makina amodzi, mitu iwiri. Ndi mitala imeneyi."

"Mitala yake ndi yabwino, aliyense ali ndi nyumba yake," ndinamuyankha. "Iwe uzisamala za maverebu ako."

Panali chinthu chimodzi chimene amuna anga ankachinena kawirikawiri akamakonza makompyuta a anthu. Sisitemu iliyonse imakhala ndi kapulogalamu kakang'ono kodzutsa makina. Ukamaika sisitemu yachiwiri madiski onse awiri ali olumikiza, kodzutsako kangathe kulembedwa pa diski yolakwika, kapena kufufuta ka inzake. Zikatero diski yatsopano imadalira yakale osadziwa, ndipo tsiku limene yakale idzafe kapena kuchotsedwa, zonse zimagona limodzi. Mankhwala ake ndi kuzula kaye diski yakale, kuika sisitemu pa yatsopano ili yokha, kenaka kubwezera inzake. Ine ndinasankha Loweruka lina m'mawa sukulu ili phee. Ndinazimitsa seva, ndinamasula chivindikiro, ndinapeza diski yawo ili ndi kafumbi kofiira pamwamba. Waya wake unali wolimba, chifukwa munthu womaliza kuulowetsa anali iwo, ndipo iwo chilichonse ankamanga ngati akumanga bwato. Ndinaugwira kwa nthawi yaitali ndisanaukoke. Mtima unandipweteka, ngakhale ndinkadziwa kuti ndiubwezera dzuwa lisanapendeke.

Ntchito inayenda bwino. Sisitemu yatsopano inalowa, ndinaiyatsa yokha, inadzuka. Ndinabwezera waya wa yakale, ndinayatsanso ndikudina batani losankhira, ndipo pa sikirini panabwera mizere iwiri, diski iyi ndi diski iyo. Ndinasankha yawo, nayonso inadzuka ngati palibe chachitika. Ndinakhala pa mpando n'kulakwa funso limodzi dala, anandifunsa za mutu wanga ndi bwato, ndinaseka ndekha m'chipindamo.

Kuyambira pamenepo tinali ndi dongosolo. M'mawa, nthawi ya masamu, inali ya diski yakale. Ikatha buleki ndinkazimitsa n'kudzutsa yatsopano kuti ana awerenge mabuku. Ana anazolowera msanga, ankangofunsa pakhomo za amuna anga, amene ankawatcha asala, kuti, "Madamu, lero muli asala kapena mulibe?" Ndinkadziwa kuti diski ndi chinthu chokutha, ndipo nzeru inali kupeza ina yachitatu n'kukoperamo yonse monga ilili. Ndinapempha ku bungwe, anati adzaona. Ndinalibe changu, pakuti zonse zinkayenda.

Mpunga wa ku Limphasa utayamba kupezeka m'misika, abale a amuna anga anabwera kudzagawa katundu wa malemu ndi kudzandisudzula, ndiko kundimasula ku ukwati. Anabwera alamu aja a ku Joni, amene tsopano anali atabwerera kumudzi, ndi apongozi anga aakazi, mayi wamfupi wa mawu akuthwa amene sanandikondepo kwenikweni, koma sanandidepo. Panabweranso ena owerengeka. Ndinali nditamva nkhani zambiri za akazi amasiye olandidwa ndi mapoto omwe, ndipo ndinali nditakonzeka kukangana. Sanandipatse mpata. Za m'nyumba zonse anati n'zanga. Iwo ankafuna za pathupi pa malemu ndi za m'manja mwawo, ndipo mwambo wa banjalo unali woti chilichonse chotere chitulutsidwe pa mphasa, chionedwe ndi onse, chipatsidwe mwini watsopano. Chikatsalira m'nyumba chinthu chodziwika, nkhani siinathe, ndipo wamasiye sanamasulidwe.

Tinayala mphasa pansi pa mtengo wa mango. Ndinatulutsa majekete aja, nsapato, njinga, wailesi, Baibulo ndi buku la nyimbo. Alamu ankanyamula chimodzichimodzi n'kutchula woti atenge. Zitatha anayang'ana pa mphasa, anayang'ana ine, n'kulankhula mofatsa m'Chichewa chawo chosakaniza.

"Alamu, yewu, mwasunga bwino. Kweni pali kanthu kamodzi sitikukaona. Kachitsulo kaja ndinabwera nako ine kuchokera ku Joni."

Ndinati kali ku sukulu, kakugwira ntchito.

"Tikudziwa," anatero. "Ama ndiwo akukafuna."

Apongozi anali atamva kwa wachibale wina wophunzira pasukulupo kuti mwana wawo amalankhula m'makina. Analankhula m'Chitonga, pang'onopang'ono kuti ndimve. Anati jekete safuna, nsapato sangavale, njinga ku Usisya ikayenda pati. Anati akufuna chinthu chimene muli mawu a mwana wawo.

Ndinapsa mtima, sindibisa. Ndinafuna kuwauza kuti mwana wawo anamubereka ndi kumulera, ali ndi ana ena ndi adzukulu odzaza bwalo, pomwe ine ndatsala ndi kachitsulo kamodzi. Koma pamaso pa apongozi munthu sukweza mawu. Ndinagwada n'kunena kuti, "Ama, mawuwo ndingawaikire pa kakhadi ka foni, muzikawamva nthawi iliyonse. Diskiyo payokha siilankhula, imafuna makina ndi magetsi."

Anati kakhadiko ndiwapatse, alandira. Koma foni adzukulu amafufuta n'kuikamo nyimbo zawo, ndipo kakhadi mwana wawo sanakagwirepo. Iwo akufuna chimene anachigwira ndi manja ake. Alamu anati kukadali masiku kuti boti la ku Usisya libwere, ndikonze bwinobwino. Ena aja anabalalika, apongozi anatsala kunyumba kwanga kudikira.

Ahedi nditawauza anatambasula manja. Diski ndi ya malemu, anatero, sukulu singalimbane ndi banja loferedwa. Ndinathamanga uku ndi uku kufuna diski ina yoti ndikoperemo, ndinaimbira ngakhale wokonza mafoni wa ku Chintheche, koma ya kukula kotero panalibe, ndipo pa yatsopano ija mabuku anali atadzaza. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndinaziona ndi maso anga.

Mnzanga wa ku Mulanje anandipeza mu labu nditakhala duu. Anamvetsera nkhani yonse, kenaka anatsegula kabati n'kutulutsa diski yakufa ija, yomenyedwa ndi mphenzi. Anaiika pa tebulo.

"Asisi, kodi izi zimasiyana?"

Kunja sizinkasiyana kwenikweni. Kukula kumodzi, kulemera kumodzi, timalemba tating'ono toti alamu sakanatikumbukira.

"Apatseni iyi," anatero. "Agogowo akaiika m'sutikesi. Ku Usisya seva aitenga kuti? Sadzadziwa mpaka kufa. Iwo asangalala, ana asangalala, inu musangalala. Walakwiridwa ndani?"

Ndinamuuza kuti ndi mfiti, koma ndinatenga diskiyo n'kuiika m'chikwama. Ndinazimitsa seva, ndinamasulanso yeniyeni ija, nayonso ndinaiika m'chikwama. Ndinapita kunyumba ndi madiski awiri akugundana pa ntchafu, ndipo ndikadafunsidwa panjira kuti ndipereka iti, ndikadati yakufayo. Mnzanga sankanama. Ana a fomu folo anali ndi mayeso kutsogolo, ndipo kapulogalamu kaja kankawathandizadi. Ndinkadziwanso chinyezi cha kunyanja. Diski yogona m'sutikesi zaka zingapo imachita dzimbiri, siidzukanso.

Ndinapeza apongozi kuseri kwa nyumba akusenda chinangwa choti aviike. Sanali munthu wokhala manja lende, ndipo chibwerereni anali atandiuza kale kuti ndimasesa ngati munthu wa m'tauni. Ndinatenga mpeni wina n'kukhala pambali pawo. Tinayamba kusenda limodzi. Kenaka anayamba kusimba za amuna anga ali aang'ono, mmene anamasulira wailesi ya bambo awo kuti aone anthu olankhula m'katimo, n'kukabisala m'bwato tsiku lonse poopa chikwapu. Ndinaseka, iwonso anaseka pang'ono. Ndinaona kuti mpata ndi womwewu, ndinayesanso.

"Ama, ndinene zoona. Chinthu chija kumudzi sichikalankhula. Ngakhale tsiku limodzi."

Sanasiye kusenda.

"Ndikudziwa, mkamwana," anatero, kutanthauza mkazi wa mwana wawo. "Ukuyesa ndine wopusa? Nanga kumanda kuja amalankhula? Koma ndimapita kukasesa, chifukwa ndikudziwa kuti ali momwemo."

Ndinaika mpeni pansi. Nzeru yonse ya mnzanga inatsamira pa mfundo yoti mayiyu sakudziwa chimene akupempha. Koma ankadziwa bwino lomwe. Sankafuna kumva kanthu, ankangofuna kuti chimene asunge chikhale chenicheni. Ndinaganiza za iwo akutsegula sutikesi m'nyumba mwawo, akusisita kachitsulo kopanda kalikonse m'kati, chinyalala cha m'kabati ya sukulu, akulankhula nacho. Ndinachita manyazi ndi chikwama chimene chinali pa mwendo wanga. Ndinadananso nawo pang'ono nthawi yomweyo, chifukwa ananditsekera njira popanda kudziwa n'komwe kuti ndinali nayo.

M'mawa mwake, tsiku la ulendo, ndinatenga diski ya amuna anga, ndinaiika m'kajumbo kake konyezimira kamene iwo anasunga mu dirowa, ndinamanga. Kajumboko ndinakaika m'chitini cha mkaka chopanda kanthu, n'kuthira mpunga wouma m'mbali monse kuti uzimwa chinyezi. Ndinkadziwa kuti sizithandiza kwa nthawi yaitali, koma manja anga anafuna kuchita. Alamu anabwera, anaona, anavomereza kuti ndi yomweyo, ngakhale sindikhulupirira kuti akanazindikira ina. Analankhula mawu ondimasula, anapemphera mwachidule. Ndinagwada n'kupereka chitinicho kwa apongozi ndi manja awiri, pamodzi ndi kakhadi ka foni.

Anatsegula, anaona mpunga, anandiyang'ana.

"Wamupatsa ndi kamba wa paulendo," anatero.

Sindinawakonze. Anatseka chitini, anachikulunga m'chitenje n'kuchimanga pamimba, mkati mwa zovala. Ndinawaperekeza ku msewu kukakwera minibasi ya ku boma, kumene akakwere boti. Kondakitala atafuna kuwalandira katundu anamukalipira kuti asawakhudze. Asanalowe anandigwira dzanja n'kunena kuti ngakhale andimasula, ku Usisya ndi kwathu, ndizibwera. Aka kanali koyamba kundigwira dzanja chikwatiwireni.

Diski yakufa ndinaibweza m'kabati. Mnzanga anandiyang'ana, anapukusa mutu, ndipo masana anandibweretsera nthochi zophika.

Lolemba ndinalawirira ku labu ana asanafike. Mumtima ndinkayembekezera vuto, ndipo mwina ndinkalifuna. Ndinkafuna makinawo akakamire, alembe uthenga wofiira, afunse kuti diski ina ili kuti, kuti ndikhale ndi choti ndilimbane nacho m'mawa umenewo. Ndinayatsa ndikudina batani losankhira monga mwa masiku onse. Pa sikirini panabwera mzere umodzi. Ndinausankha, sisitemu yatsopano inadzuka mofulumira, mabuku onse ali m'malo mwake, malaputopu akulumikiza limodzi ndi limodzi. Panalibe cholakwika chilichonse. Ndinali nditatsata malangizo a amuna anga bwinobwino tsiku lija, moti makina amene iwo anawasamala zaka zonsezo sanazindikire n'komwe kuti achokamo. Ndinakhala pa mpando wawo n'kulira kuposa mmene ndinalirira pa boti.

Belu litalira ndinapukuta m'maso n'kutsegula chitseko. Mtsikana woyamba pa mzere anafunsa funso lija la masiku onse, ngati lero muli asala.

"Mulibe," ndinatero. "Apita kwa amayi awo. Lowani, tsegulani mabuku."